Mawu a Mnzathu pa Msonkhano wa Ophunzira Akale

Ndine uja munkamutcha "Chete" kuchigono.

Akuluakulu amati chetechete sautsa nyama. Zinandionekeradi. Kuntchito ya boma, kukwezedwa kunandiphonya kawiri chifukwa abwana ankati ndine wodzikuza, pomwe ine ndinkayamba ndaganiza ndisanatsegule pakamwa.

Mu 1921, Carl Jung analemba kuti anthu ena maganizo awo amaloza kunja, ena mkati. Si matenda ayi, n'chibadwa. Masiku ano mfundo zanga ndimazilemba usiku, m'mawa n'kukaziwerenga pamsonkhano, ndipo zimamveka.

Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi ali Fomu 1 pompano, ndipo anatengera ine. Mukamufunsa funso, mudikireni pang'ono musanaloze wina. Yankho ali nalo.