Mpamba wa Wamalonda pa Nthawi ya Mliri

 Nkhani ya lero ikupita makamaka kwa inu amayi ndi abambo amene mumadyera malonda ang'onoang'ono: inu a mandasi ndi zitumbuwa, inu a pachiwaya, inu ophika nsima m'misika ndi m'madepoti, inu a thobwa, inu a usipa ndi matemba, ndiponso inu a maokala ndi magolosale a m'midzi. Funso limene tikufuna kulisinkhasinkha ndi ili: kodi mliri ukagwa m'dziko, wamalonda wamng'ono achite chiyani kuti podzatha mliriwo iye adzapezeke ali moyo, malonda akenso ali moyo?

Funso limeneli silochita kupeka ayi, popeza m'zaka zochepa chabe dziko lino laona miliri iwiri yaikulu. Pa 2 Epulo 2020 boma linalengeza kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi matenda a Covid-19. Mwezi womwewo kunakonzedwa zoti anthu abindikire m'makomo masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo. Amalonda a ku Blantyre ndi ku Mzuzu anatuluka m'misewu nadandaula kuti njala iwapha matendawo asanawapeze, ndipo pa 17 Epulo Khoti Lalikulu linaimitsa m'bindikirowo. Ngakhale zinatero, ogula anachepa, sukulu zinatsekedwa miyezi ingapo, ndipo amene ankakaoda katundu ku Johannesburg anasowa njira.

Tisanapume n'komwe, mu Malichi 2022, chaka chimene anamondwe Ana ndi Gombe anagwetsa zimbudzi ndi kuipitsa zitsime m'Chigawo cha Kummwera, kolera inapezeka ku Machinga. Matenda amenewa si achilendo kuno kwathu, pakuti anayamba kuoneka m'chaka cha 1973, ndipo kawirikawiri amabwera ndi mvula nachoka nayo. Koma ulendo umenewo sanachoke. Anadutsa chilimwe chonse, nafalikira m'maboma a m'mbali mwa nyanja, kenaka m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, kufikira boma lirilonse linakhudzidwa. Pa 5 Disembala 2022 Mtsogoleri wa dziko analengeza kuti kolera yasanduka ngozi yaikulu pa umoyo wa anthu. Kumayambiriro kwa 2023 sukulu za m'mizinda iwiri ija zinachedwa kutsegulidwa, ndipo kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, m'madepoti ndi pa sukulu kunaletsedwa. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Chiyambire, dziko lino linali lisanaonepo kolera yoopsa chotere.

Tsono pa miliri iwiriyi tiphunzirapo chinthu chimodzi chachikulu. Nthawi ya mliri si nthawi yosaka phindu, koma yosunga mpamba. Ndipo mpamba wa wamalonda wamng'ono uli ngati mafuwa atatu amene mphika umakhalapo: thupi lake, dzina lake, ndi ndalama zake. Fuwa limodzi likagubuduka, mphika wonse umatayika. Tiyeni tiwaone limodzilimodzi, makamaka poganizira kolera, imene imakhudza kwambiri ogulitsa zakudya.

Fuwa loyamba ndilo thupi lanu. Kampani yaikulu ili ndi antchito ambiri, kotero kuti wina akadwala mnzake amagwira m'malo mwake. Koma inu pabenchi panu ndinu bwana, ndinu kalaliki, ndinunso mlonda. Mukagona, malonda nawo agona. Choncho nkofunika kuwadziwa bwino matendawa. Kachirombo ka kolera kamalowa m'thupi kudzera pakamwa, m'madzi kapena m'chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Zizindikiro zimatha kuoneka patapita maola 12 kapena masiku asanu. Munthu amatsegula m'mimba zamadzimadzi zonga madzi otsukira mpunga, nthawi zina amasanzanso, ndipo chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, kumene kungathe kugwetsa munthu wamphamvu tsiku lomwelo.

Apa ndi pamene wamalonda amagwa m'msampha. Akayamba kumva m'mimba amati, "Nditsirize kaye katunduyu, kuchipatala ndipita madzulo." Abale anga, kolera siyembekeza madzulo. Mukangoona zizindikiro, yambani kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, ndipo nyamukani kupita kuchipatala mukumwa m'njira. Ngati Thanzi palibe, sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Odziwa za umoyo amati odwala akalandira chithandizo msanga, omwalira safika mmodzi pa anthu 100 alionse. Mu mliri wa 2022 ndi 2023 anamwalira pafupifupi atatu pa 100 alionse, ndipo china mwa zifukwa zake chinali kufika mochedwa kuchipatala. Nchifukwa chake nkwanzeru kupangana ndi mbale kapena mnzanu wa pamsika mukadali bwino, kuti tsiku limene mwadwala iye adzakugwirireni benchi, mtima wanu usadzagawike pakati pa katundu ndi moyo. Ndipo katemera wakumwa wa kolera akafika m'dera lanu, tsekani malonda ola limodzi mukalandire.

Fuwa lachiwiri ndilo dzina lanu, ndiko kuti chikhulupiriro chimene ogula ali nacho pa inu. Dzina limamangidwa zaka zambiri koma limagwa ndi mphekesera imodzi yakuti uje anadya pamalo pakuti nadwala. Chovuta nchakuti anthu ambiri amene ali ndi kachirombo ka kolera sadwala konse, komabe amakatulutsa m'chimbudzi chawo mwina kufikira masiku khumi. Choncho simungadziwe ndi maso kuti wabwera nako ndani. Chimene mungathe kuchita ndicho kutseka njira zimene kamayendamo, ndipo njira yaikulu koposa ndi madzi. Zimenezi zinadziwika kalekale ku England. M'chaka cha 1854, kolera itapha anthu ambiri m'dera lina la mzinda wa London, dotolo wina dzina lake John Snow anafufuza kumene omwalirawo ankatunga madzi, napeza kuti ambiri ankamwa pa mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street, ndipo akuluakulu anachotsa chogwirira cha mjigowo. Ndowa ya pamalo panu ogulitsira ingathe kukhala mjigo wotero kwa anthu onse odya pamenepo.

Tsono madzi onse a pamalonda, kaya ndi akumwa, kaya otsukira mbale, kaya osungunulira thobwa, kaya opangira mafirizesi, muziwawiritsa kapena kuwathira mankhwala a kulorini monga WaterGuard, kapena amene alangizi a zaumoyo amagawa. Mukathira, dikirani mphindi 30 musanawagwiritse ntchito, ndipo muwasunge m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono kuti manja ndi makapu zisamaviikidwemo. Chizolowezi chosambira m'beseni limodzi anthu onse tichisiye, chifukwa womaliza amasamba litsiro la anzake onse. Ikani ndowa ya mpopi kapena mpondagiya, ndi sopo pambali pake. Chakudya chiperekedwe chikadali chotentha, ndipo chikhale chovundikira kuti ntchentche zisaterepo. Inu a pachiwaya, kabichi ndi tomato wosaphika amene mumaika pa tchipisi muyambe mwamuleka kufikira mliri utadutsa. Dzanja lolandira ndalama lisakhale lomwelo logwira mandasi: gwiritsani ntchito foloko kapena pepala laukhondo.

Wina anganene kuti sopo ndi mankhwala zikudya phindu. Zoonadi zimafuna ndalama, koma muziziwerengera pamodzi ndi makala, mafuta ndi ufa, monga mbali ya mtengo wa malonda anu. Ndiponso ukhondo wanu uzioneka. Ndowa ya mpopi ikhale kutsogolo, pamene wodutsa aliyense angaione, chifukwa nthawi ya mantha wogula amayamba wayang'ana malo asanafunse mtengo.

Komanso tisaiwale kuti mutu umodzi susenza denga. Benchi lanu lingakhale loyera, koma ngati chimbudzi cha pamsika chadzaza ndipo zinyalala zaunjikana, khonsolo ikabwera kudzatseka imatseka msika wonse, osasankha waukhondo ndi wauve. Choncho komiti ya msika ikhale pansi, igawane masiku osesa, isonkhe ya sopo wa kuchimbudzi, ndipo ipite ku khonsolo kukapempha madzi ndi galimoto yochotsa zinyalala. Amene amalipira msonkho wa pamsika tsiku ndi tsiku ali ndi pakamwa pofunsira zimenezi.

Fuwa lachitatu ndilo ndalama. Malonda ambiri ang'onoang'ono safa tsiku limodzi, amatha pang'onopang'ono mwini wake osazindikira. Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi mpamba wa K60,000, ndipo masiku abwino amapeza phindu la K6,000 pa tsiku, pamene pakhomo pamafunika K5,000. Mliri wabwera, ogula achepa ndi theka, phindu latsika kufika pa K3,000. Ngati pakhomo akudyabe K5,000, ndiye kuti tsiku lirilonse akutapa K2,000 pa mpamba. Pakutha masiku 30 mpamba wonse wapita m'mphika, popanda wakuba, popanda moto. Ndipo popeza ndalama zonse amazimanga pa mfundo imodzi ya chitenje, amadzadzidzimuka tsiku lokaoda kuti palibe chogulira.

Mankhwala ake ndi kope ndi pensulo. Madzulo alionse lembani zimene mwagula, zimene mwagulitsa ndi zimene mwatengera kunyumba. Ndalama za mpamba zikhale pazokha, kaya m'kabokosi, kaya pa foni ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo banja lonse lidziwe kuti zimenezo ndi mbewu, sizidyedwa. Phindu likachepa, khalani pansi ndi a pabanja panu mugwirizane zimene muyambe mwazisiya.

Chachiwiri, chepetsani malonda mwadala asanakuchepetseni okha. Katundu woola msanga, monga tomato, nsomba zaziwisi ndi zophika, odani wochepa amene athe tsiku lomwelo. Boma likaletsa zophikaphika, musazigulitse mobisa, popeza zikalandidwa mwataya mpamba ndi dzina pamodzi. Ufa, shuga ndi mafuta amene munagulira mandasi mungathe kuwagulitsa m'timapaketi. Nyemba, mchere, sopo, makala ndi nsomba zouma anthu amazifuna ngakhale pa mliri, ndipo sizionongeka zikagona. Koma musakweze mtengo wa sopo chifukwa choti anthu ali pa mavuto, pakuti mliri udzatha koma anthu sadzaiwala.

Chachitatu ndi nkhani ya ngongole. Katapila pa nthawi ya mliri ndi dzenje, chifukwa chiwongoladzanja chake chimakula mwezi ndi mwezi pamene malonda akucheperachepera. Ngati muli kale ndi ngongole ku banki, ku bungwe lobwereketsa ndalama kapena ku banki mkhonde, musathawe. Pitani tsiku lobweza lisanafike mukafotokoze, mutatenga kope lanu lija monga umboni. Mu Epulo 2020 Reserve Bank of Malawi inagwirizana ndi mabanki kuti obwereka amene anakhudzidwa ndi Covid-19 apatsidwe miyezi itatu yopumira pa kubweza. Pajatu safunsa anadya phula. Chimodzimodzinso kwa mwini nyumba ya lendi: kukambirana msanga kumaposa kubisala. Nawo ogula okongola adzachuluka, ndipo ena ndi anansi amene simungawakanize. Ikani malire a ndalama zimene mungakongoze pa sabata, lembani dzina ndi tsiku, ndipo malirewo akakwana muime. Ngati muli ndi mnyamata kapena mtsikana wokuthandizani, nkwabwino kugwirizana naye kuti azibwera masiku ochepa kusiyana ndi kumuchotsa, chifukwa malonda akadzabwerera mudzafuna munthu wodziwa kale ntchito.

Potsiriza, amayi ndi abambo, akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Zonse tanenazi zimaphweka ngati taziyamba kukadali bata. Ndowa ya mpopi igulidwe m'chilimwe mvula isanagwe. Mapaketi awiri kapena atatu a Thanzi akhale pamalonda ndi kunyumba. M'magulu a banki mkhonde ndi a chipereganyu, limbikitsani thumba la ngozi, kuti membala akadwala kapena msika ukatsekedwa asathamangire kwa a katapila. Ndipo pa phindu la tsiku lirilonse labwino, patulani kangachepe kamene simudzakakhudza kufikira tsiku loipa. Mlimi wanzeru, ngakhale njala ikule bwanji, sakazinga mbewu yake, chifukwa adziwa kuti mvula idzagwanso. Wamalonda amene watuluka mu mliri ali wamoyo, dzina lake liri loyera, ndi kampamba kochepa m'manja, ameneyo adzayambiranso.