Loya amene adazengedwa mlandu popanda loya

(Mawu amene ndidayankhula pa msonkhano wa za ufulu wachibadwidwe ku Kasiya)

 Ine ndine mwana, ndidabadwa munthu amene ndikufuna kukamba za iye atamwalira kale. Pamene ndilakwitse mundikonze.

Ndikudziwa kuti kuno ambiri mumakonda tambala wakuda, ndipo sindidabwere kudzanyoza chipani cha munthu. Koma ndifunse: kodi adayambitsa Malawi Congress Party ndani? Ana asukulu ambiri amayankha kuti Kamuzu. Ayi. Adayambitsa ndi a Orton Ching'oli Chirwa a ku Nkhata Bay, m'chaka cha 1959, pamene Dr. Banda adali m'ndende ku Gweru. Dr. Banda atatuluka mu 1960, a Chirwa adawasiyira mpando.

A Chirwa adabadwa mu 1919. Adaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, kenaka za malamulo ku London, ndipo mu 1958 adakhala loya woyamba wachikuda wa dziko lino. Pamene timalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, iwo ndiwo adali nduna ya zachilungamo komanso mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo. Sipadapite miyezi itatu, nduna zidasemphana maganizo ndi Dr. Banda pa kayendetsedwe ka dziko. A Chirwa adachotsedwa paudindo, ndipo adathawira ku Tanzania pamodzi ndi akazi awo, mayi Vera, amene pambuyo pake adakhala mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya.

Tsopano mvetserani zimene zidachitika iwo ali kunja. Mu 1969 boma lidasintha lamulo, makhoti a miyambo nkupatsidwa mphamvu zoweruza milandu ikuluikulu, ngakhale ya chilango cha imfa. M'makhoti amenewa woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. 

Pa 24 December 1981, a Chirwa, mayi Vera ndi mwana wawo Fumbani adagwidwa chakumalire a Chipata, uko mumafika mukadutsa Namitete ndi Mchinji. Boma lidati adalowa okha m'dziko muno. Iwo adati adachita kubedwa ku Zambia. Adawazenga mlandu woukira boma m'khoti la miyambo ku Blantyre, popanda loya, ndipo mboni zimene adapempha sizidaloledwe. Mu 1983 adagamulidwa kuti aphedwe. Maiko akunja ndi mipingo atadandaula, mu 1984 chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse.

Ku ndende ya Zomba mwamuna ndi mkazi ankasungidwa kosiyana. Adaonana mu September 1992, patapita zaka 8, pamene maloya a ku Britain adaloledwa kukawayendera. Pa 20 October 1992 a Chirwa adamwalira m'ndendemo ali ndi zaka 73. Mayi Vera adatulutsidwa mu January 1993, ndipo pa 14 June chaka chomwecho a Malawi adavotera matipate. A Chirwa sadalione tsikulo.

Nanga nkhani iyi ikukhudza bwanji mlimi wa fodya wa ku Kasiya kapena ku Nsaru? Taganizani. Ngati munthu amene adaphunzira malamulo ku London, amene adakhalapo nduna ya zachilungamo, adalephera kudziteteza pamene lamulo lidapotozedwa, nanga inu ndi ine tikadatani? Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nchifukwa chake ndikupempha kuti mudziwe ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko lino amene tidayamba kutsata mu 1994. Ndimeyi ikuti munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva. Ikuti afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito maolawo akatha. Ikutinso ali ndi ufulu wokhala ndi loya. Zimenezi si chifundo cha wapolisi kapena cha phungu, ndi zanu.

Tsono mnansi wanu akatengedwa, ngakhale akhale wa chipani chimene inu mumadana nacho, pitani mukafunse kuti wamangidwiranji ndipo apita liti kukhoti. Andale akabwera kudzapempha voti, afunseni za makhoti, osati za feteleza yekha. Ndipo aphunzitsi, chonde, anawa auzeni amene adayambitsa chipani chija mu 1959, ndi kumene adafera.