Mfuti ya Mpweya: Kodi Ingatiteteze ku Zilombo Zoononga Mbewu?



Nkhani yomwe tabwera nayo lero idachokera kwa inu nomwe. Pamsonkhano wapita, mamembala ena adapempha kuti tione ngati nkotheka kuti makalabu azisonkha ndalama zogulira mfuti za mpweya zotetezera minda ndi nkhokwe. Ganizoli lidadza chifukwa mwana wa membala wathu wina adabwera nayo mfuti yotere kuchokera ku Joni, ndipo onse omwe adaiona ikuombedwa adagoma nayo. Ife tidatumidwa kuti tikafufuze, ndiye tabwera kudzapereka zomwe tapeza.

Poyamba tifotokoze kuti mfutiyi ndi yotani. Siigwiritsa ntchito onga ngati gogodera ya makolo athu ija. Pansi pa mpope wake pali kathanki kachitsulo komwe amapoperamo mpweya wamba, womwewu timapumawu, ndipo amaupanikiza kwambiri. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa kufika pa mlingo wa mabaa awiri kapena kupitirira pang'ono, pomwe kathanki ka mfutiyi kamalandira mabaa 200 kapena 250. Mukakoka chala, kampweya pang'ono kamatuluka nkukankha kachipolopolo ka mtovu kolemera pafupifupi galamu imodzi. Azungu amazitcha mfuti za PCP. Nzeruyi si yalero ayi: asilikali a dziko la Austria adayamba kugwiritsa ntchito mfuti ya mpweya ya Girandoni cha m'ma 1780. Zomwe zatchuka masiku ano ndi monga za kampani ya Daystate ya ku England ndi za FX ya ku Sweden.

Tisakunamizeni, pa nkhani yolasa pamalo pomwe mwaloza, mfutizi ndi zodabwitsa. Zamtengo wapatali zili ndi kachipangizo mkati koonetsetsa kuti mpweya wotuluka ukhale wofanana nthawi iliyonse mukaomba, kotero kuti chipolopolo choyamba ndi cha makumi atatu zimathamanga liwiro limodzi. Mfutiyi siikankha paphewa, ndipo phokoso lake ndi lochepa. Munthu wodziwa kuomba, atatsamiritsa mfuti pa thumba la mchenga, kunja kuli bata, angathe kuunjika zipolopolo zisanu pamalo aang'ono ngati ndalama yachitsulo kuchokera pamtunda wa mamita 50. Kudzaza kamodzi kumakwanira kuomba kambirimbiri, zina mpaka kupitirira ka 100. Nchifukwa chake alimi a ku Britain amazikonda pophera makoswe, akalulu ndi nkhunda m'makola ndi m'mashedi mwawo. Kumeneko, ku England ndi ku Wales, lamulo limalola munthu wamkulu kukhala ndi mfuti yotere popanda chiphaso pokhapokha mphamvu yake isapitirire majulu 16, ndipo mphamvu imeneyo ndi yophera tinyama ting'onoting'ono basi.

Koma mudamva mawu oti kunja kuli bata. Kachipolopolo ka galamu imodzi nkopepuka, mphepo imakakankhira kumbali, ndipo kakamapita patali kamagwa ngati mwala wa legeni. Nthawi yomwe mpunga ndi mapira zikucha ndi yomwenso mwera umayamba kuomba. Zija adaziona anzathu pa chitini chopachika pamtengo sizomwe zingachitike pa mbalame yomwe ikugwedezeka pa ngala ya mapira.

Tsono tiyeni tifunsane: mdani wathu weniweni kumunda ndi ndani?

Kwa anzathu olima mpunga, mapira ndi mawere, ndi timbalame tija ta milomo yofiira tomwe akatswiri amati quelea. Kamodzi kamadya pafupifupi magalamu 10 a mbewu patsiku. Zikumveka zochepa, koma timbalameti timayenda m'magulu a mamiliyoni. Gulu la miliyoni imodzi lingathe kudya matani 10 patsiku, omwe ndi matumba 200 a makilogalamu 50. Mlimi ali ndi mfuti yake yabwinoyo, akulasa kamodzikamodzi, ngakhale asaphonye nkamodzi komwe kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, sangachotse ngakhale kachigawo kakang'ono ka gululo. Ndiponso mfuti yopanda phokoso siibalalitsa mbalame. Mwana womenya chitini pa chilindo amachita zambiri kuposa iyo, ngakhale tonse tikudziwa kuti mwanayo amayenera kukhala ali m'kalasi.

Kwa omwe tili m'mphepete mwa mapiri ndi nkhalango, adani ndi anyani, apusi ndi nguluwe. Apa tichenjezane kwambiri. Mfuti za mpweya zomwe zimapezeka kawirikawiri, za zipolopolo za mamilimita 4.5 kapena 5.5, sizidapangidwire nyama zazikulu chotero. Zimangozivulaza, ndipo nguluwe yovulala ndi yoopsa kwa mayi yemwe adzalowe m'mundamo mawa lake. Za njovu ndiye tisanene nkomwe.

Palinso lamulo. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992 lidakonzedwanso mu 2017, ndipo zilango zake zidakwera mpaka zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu. Membala wathu wopezeka ndi mfuti pafupi ndi malire a malo osungirako nyama adzavutika kufotokoza kuti amangolondera chimanga. Nkhani za mfuti m'dziko muno zili m'manja mwa apolisi, ndiye pasapezeke wogula kapena kulandira mfuti yamtundu uliwonse, ngakhale yamphatso, asanakaonane nawo.

Pomwe mfutiyi ingagwiredi ntchito ndi pa makoswe a kunkhokwe ndi kumakola a nkhuku. Koma taonani mtengo wake. Yabwino, pamodzi ndi galasi lake loonera patali, imaposa madola a ku America 1,000, ndipo zambiri zimafika kawiri pamenepo. Mtengowo ndi wa mfuti yokha. Pampu ya njinga siingaidzaze. Pamafunika pampu yakeyake yomwe munthu amapopa mpaka thukuta kamukamu, kapena makina a magetsi, kapena thanki ngati ya anthu osambira pansi pa nyanja. Mkati mwake muli timphira tambirimbiri tomwe tikatha mpweya umayamba kutuluka wokha, ndipo wokonza njinga wa pamsika pathu sangatipeze. Tamvanso ena akunena kuti angathe kukadzazitsa kwa owotcherera zitsulo. Chonde, mpweya wa okosijeni wa owotcherera ukakumana ndi mafuta a m'kati mwa mfutiyi umayaka nkuphulitsa kathanki kaja m'manja mwa munthu. Komanso mtovu ndi poizoni, suyenera kumwazika pomwe tikusungira chakudya cha ana athu. Ndalama zomwezo zingagule matumba ambirimbiri a PICS, malata otchinga miyendo ya nkhokwe ndi misampha ya kalabu yonse, mphaka nkukhala waulere.

Choncho ife tikulangiza kuti ndalama za makalabu zisapite ku mfutizi. Koma sitikuti nkhani yathera pomwepa, chifukwa omwe adabweretsa ganizoli adalibweretsa atatopa ndi kugona kumunda.

Dziko lathu ndi membala wa bungwe la IRLCO-CSA, lomwe likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia, ndipo ntchito yake ndi kulimbana ndi dzombe, ntchemberezandonda komanso mbalame za quelea. Mbalamezi zimagonjetsedwa pomwe zimagona ndi pomwe zimaswana, osati m'munda wa munthu mmodzi. Tikupempha Unduna wa Zaulimi kuti mlimi akanena kwa mlangizi kuti waona pogona mbalamezi, yankho lizibwera mbewu zisanathe. Ifenso mbali yathu tiichite: tizidzala nthawi imodzi m'sikimu kuti munda wa mmodzi usakhale wokha wakucha, ndipo tizikolola msanga.

Pa za nyama zikuluzikulu, tidaona kuti mpanda wamagetsi womwe udamangidwa ku Liwonde bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira malowo mu 2015 udachepetsa mavuto a midzi yozungulira. Tidaonanso madandaulo a alimi a m'malire a Kasungu njovu 263 zitasamutsidwira kumeneko mu 2022. Tikufuna kuti mpanda uzimangidwa nyama zisanabwere, kuti alonda a nyama azifika msanga tikawaitana, komanso kuti Nyumba ya Malamulo ikambirane za chipepeso kwa mlimi yemwe munda wake wadyedwa ndi nyama za Boma.

Kuti pempho lathu likhale ndi mphamvu pafunika umboni. Tikupempha mlembi wa kalabu iliyonse kuti ayambe kulemba m'kope tsiku lomwe zilombo zalowa m'munda, mtundu wake, kukula kwa malo oonongeka, yemwe adauzidwa ndi tsiku lomwe adabwera, ngati adabwera. Amfumu asayinire. Makope amenewa mubwere nawo pamsonkhano wathu wa pambuyo pa kukolola kuti tikawatule kwa a DC ndi kwa aphungu athu.