Malipiro Akambidwe Khasu Lisanalowe M'nthaka

Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa chitukuko cha m'dera



Mikangano yambiri ya malipiro imayamba ndi mawu ooneka abwino: "Ingoyambani ntchito, za ndalama tikambirana kumapeto kwa mwezi." Mwezi ukatha, mlonda amayembekezera ndalama ina, bwana amatchula ina, ndipo mboni palibe. Akale anati safunsa anadya phula. Nthawi yokambirana malipiro ndi pamene ntchito isanayambe, chifukwa thukuta likagwa kale, mphamvu zonse zimatsalira kwa wogwira chikwama.

Wofuna ntchito ayambe wadziwa zimene lamulo limamupatsa. Lamulo la Ntchito la 2000 limapatsa nduna ya zantchito mphamvu yokhazikitsa malipiro otsikitsitsa. Mu 2024 boma linaika K90,000 pa mwezi kwa antchito wamba ndi K52,000 kwa ogwira ntchito zapakhomo. Ndalamazi zimasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho wofuna ntchito akafunse mtengo watsopano ku ofesi ya zantchito pa boma. Mtengo umenewu ndi poyambira chabe. Mmisiri womanga nyumba, woyendetsa galimoto kapena wogulitsa m'sitolo amene ali ndi luso ndi zaka pa ntchito ali ndi chifukwa chopemphera zoposa apo.

Lamulo lomweli likunena kuti maola a ntchito pa sabata asapitirire 48. Ola lowonjezera limalipidwa ngati ola ndi theka, ndipo wogwira ntchito pa tsiku lake lopuma kapena pa tchuthi cha boma amalandira kawiri. Mayi ndi bambo ogwira ntchito yofanana ayenera kulandira mofanana. Kuyambira 2021 ntchito ya utenanti m'minda ya fodya ndi yoletsedwa, motero wolima fodya wa mwini munda sayeneranso kudikira kuti fodya agulitsidwe ku okushoni kuti aone malipiro.

Pokambirana, ulemu ndi kulimba mtima zimayendera limodzi. Wofuna ntchito afufuze kaye zimene anzake a ntchito yomweyo akulandira m'deralo. Kenaka atchule yekha ndalama imene akufuna ndi kufotokoza chifukwa chake: luso lake, mtunda wa kuntchito, mtengo wa thumba la chimanga pa msika. Afunsenso tsiku lolandira malipiro, masiku a tchuthi, ndiponso ngati chakudya ndi nyumba zili pamwamba pa malipirowo. Zonse zimene agwirizana zilembedwe, aliyense asunge pepala lake. Ngati mmodzi satha kuwerenga, pakhale mboni yodalirika, monga nyakwawa kapena mkulu wa mpingo.

Pa ganyu m'pamene anthu amapsinjika kwambiri. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zimakhala zitatha, ndipo wanjala amavomera chilichonse. Apa mutu umodzi susenza denga. Anthu a mudzi umodzi akamvana mtengo wa kupalira kapena kubandira, mwini munda sapeza wina womulipira mwachabechabe. Ndime iyezedwe onse ali pompo, mizere iwerengedwe limodzi. Ngati malipiro ndi chimanga kapena ufa, chitini choyezera chionetsedwe poyamba, ndipo chikhale chomwecho tsiku lolipira. Ana asatengedwe kukamaliza ndime ya makolo pa nthawi ya sukulu, pakuti lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14.

Olemba ntchito nawonso amvetse. Munthu wofunsa za malipiro sakuchita mwano. Wantchito wodziwa chimene adzalandire amakhazikika, sathawa pakati pa nyengo yolima, ndipo pepala la mgwirizano limatetezanso bwana pa tsiku la mlandu.

Bwana akaphwanya pangano, wantchito asalande katundu kapena kuwononga mbewu, chifukwa mlandu umamutembenukira. Apite ndi pepala lake ndi mboni yake ku ofesi ya zantchito pa boma, kumene mbali zonse ziwiri zimaitanidwa. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khoti loona za ntchito.

Ndalama yolandiridwa mokwanira ndi pa nthawi yake ndiyo imagula feteleza mvula isanagwe, imalipira fizi ya mwana ndi kusonkha kubanki mkhonde. Mafumu ndi a komiti akupemphedwa kukafikitsa uthengawu m'midzi yawo nyengo ya ganyu isanafike.