Imvi Sizitseka Khomo la Sukulu



Lero tifuna kulankhula ndi agogo athu, ndiponso ndi ife ana ndi adzukulu amene timawasunga. Pali mau amene amamveka kawirikawiri m'midzi mwathu, akuti mutu wa munthu wokalamba unauma, sungalowenso kanthu. Agogo eni ake amawanena moseka, koma m'kati mwa kusekako muli manyazi. Mau amenewa ngonama, ndipo apweteka anthu ambiri.

Taganizani za mai wamasiye amene mwana wake wa ku Joni wamtumizira ndalama pa foni. Pakuti sadziwa kuwerenga, amapereka foni pamodzi ndi nambala yachinsinsi kwa mnyamata wa pamsika, nalandira zokhazo zimene mnyamatayo wafuna kumpatsa. Taganizani za bambo wodinda chala pa kalata ya munda osadziwa zolembedwamo, kapena wobwera ku chipatala ndi mapiritsi amene satha kuwerenga kamwedwe kake. Anthu awa si opusa. Analera ana, anaweruza milandu, anapulumutsa mabanja m'zaka za njala. Chimene akusowa nchaching'ono, ndipo akhoza kuchiphunzira.

Tili ndi mboni. Mu 2003 boma la Kenya linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, monga linachitira boma la Malawi mu 1994. Chaka chotsatira mkulu wina wa zaka 84, dzina lake Kimani Maruge, anakalembetsa kalasi yoyamba ku Eldoret. Anavala kabudula wa yunifolomu, nakhala pakati pa tiana tofanana ndi adzukulu ake. Mu 2005 mkulu yemweyo anaimirira ku likulu la United Nations ku New York, nalankhula za maphunziro aulere. Anamwalira mu 2009, atalawa chimene anachilakalaka moyo wake wonse.

Nawonso akatswiri a za ubongo avomereza. Mu 2000 anayeza ubongo wa oyendetsa matakisi a mu mzinda wa London, amene amaloweza misewu zikwizikwi ali akuluakulu kale. Anapeza kuti kachigawo ka ubongo kosunga njira kanali kakakulu mwa iwo kuposa mwa anthu ena, makamaka mwa amene anagwira ntchitoyo zaka zambiri. Tsono ubongo uli ngati khasu: logwiritsidwa ntchito limawala, losiyidwa pakhonde limachita dzimbiri. Inde, wokalamba amaphunzira pang'onopang'ono ndipo amafuna kubwereza, koma kuchedwa si kulephera.

Sitinena kuti kuphunzira kumachotsa matenda onse a ukalamba. Alipo matenda a kuiwala amene amagwira ngakhale ophunzira kwambiri. Koma madokotala amawerengera kukhala kwayekha pakati pa zinthu zowonjezera ngozi ya matendawa, ndipo kalasi imatulutsa munthu m'nyumba, nimpatsa anzake ndi chifukwa chodzukira m'mawa. Pano tichenjeze ndi mtima wonse: gogo akayamba kuiwala maina, kusokera njira kapena kulankhula zosamveka, amenewo ndi matenda, si ufiti. Malo ake ndi ku chipatala, ndipo womtonza kapena kumponya miyala achimwira Mulungu ndi makolo ake omwe.

Chotchinga chachikulu ndi manyazi. Mu Mthenga Wabwino wa Yohane, mutu 3, timamva za Nikodemo, mphunzitsi wolemekezeka wa Ayuda, amene anapita kwa Yesu usiku ndi mafunso ake. Mwina anaopa maso a anthu, komabe anapita, ndipo Ambuye sanamseke. Makolo athu anati safunsa anadya phula. Agogo, kufunsa sikukuchotserani ulemu. Sukulu za kwacha zinakhazikitsidwira inu. Kumene ilipo, pitani mukalembetse. Kumene kulibe, itanani mdzukulu madzulo, muyambe ndi kulemba dzina lanu. Ndipo inu amene munaphunzira kale, munapuma pa ntchito ya uphunzitsi kapena ya ukalaliki, musapinde manja. Phunzirani kapangidwe ka manyowa, kagwiritsidwe ka foni, kawerengedwe ka ndalama za gulu, kuti mudzathandize anzanu.

Kwa inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, tikupemphani ntchito yooneka ndi maso. Msonkhano wa mphakati ukatha, patulani theka la ola kwa akulu ofuna kuwerenga. Lembani zilembo zazikulu. Akhazikeni kutsogolo amene makutu ayamba kuwavuta. Ambiri amene amati mutu wauma, vuto lao ndi maso chabe, ndipo magalasi owerengera akhoza kuwabwezera buku m'manja. Musawafunse mafunso owachititsa manyazi pagulu. Yambani ndi zimene akuzifuna lero lomwe: dzina lao, manambala a pa foni, kalata ya ku chipatala.

Ife ana ndi adzukulu, tiphunzitse modekha ndi mwaulemu, pokumbukira amene anatiphunzitsa kugwira khasu ndi kupatsa moni. Ndipo phunziro likatha, tisinthane malo. Tifunse agogo maina a mitengo, kasungidwe ka mbeu, mbiri ya mudzi ndi ya mtundu wathu, tizilembe asanapite nazo kumanda. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalonso limafuna mvula.

Sabata ino, banja lililonse lifunse wamkulu wa pakhomopo chimene akufuna kuphunzira, ndipo liyambe naye Lamulungu lisanafike. Mulungu Wamphamvuzonse adalitse agogo athu, awapatse mtima wolimba, ndipo ife atipatse kuleza mtima. Amen.