"NDIMANGOCHEZA": NTHABWALA IMENE IMAGONEKA CHIKUMBUMTIMA

Inu omvera ku Luchenza, ku Bvumbwe, ku Makwasa, ku Thekerani, ndi inu amene mwangofika kumene kuchokera kumunda wa tiyi, msana ukuwawa ndi dengu. Kwezani wailesiyo pang'ono. Lero tili pa Miyambo 26, ndime 18 ndi 19. Pamenepo Solomo akufanizira munthu amene amavulaza mnzake kenako n'kunena kuti amangosewera, ndi wamisala amene akuponya zikuni zamoto ndi mivi pakati pa anthu. Mwamva? Wamisala uja akhoza kumaponya akuseka, koma denga likagwira moto limapsa ndithu.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa. Ndisanaitanidwe ku utumiki, ndinathyolako tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Dzina lake sinditchula. Inu mukudziwa mmene zimakhalira nyengo ya mvula: tiyi waphukira, alemba anthu ambiri a kontalakiti, ndipo aliyense mtima uli m'mwamba kuti mvula ikatha dzina lake likhalabe m'buku kapena ayi. Pagulu lathu panali mayi wina wamasiye, wa ana atatu. Kapitawo wathu ankamuitanira pambali kawirikawiri, ndipo mayiyo ankabwerako maso ali pansi. Tsiku lina tili pamzere wa sikelo, mnzathu wina anati, "Amayi awa makilo awo amayezedwa usiku." Tonse tinafa nacho chiseko. Ine ndinaseka mpaka misozi. Mawa lake nthabwala ija ndinaibwereza ndine, n'kuithira mchere.

Patapita milungu ingapo, mayi uja anandipeza panjira ya kumalaini. Ankadziwa kuti ndimapemphera. Anati, "Achimwene, inu mumaona zimene bambo aja amandichita. Ndikakadandaula, mungakandichitire umboni?" Abale, mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Aaa mayi, zanuzo mumadziwana nokha." Ndinayankha ndikumwetulira. Sindinaope kapitawo tsiku limenelo ayi. Zoona zake n'zakuti mumtima mwanga mlandu uja ndinali nditauweruza kale pa sikelo paja, ndipo woweruza wake anali nthabwala. Chinthu chimene ndinachiseka kakhumi sindinathenso kuchiona ngati nkhanza. Mvula itatha, mayiyo sanabwererenso, ndipo mpaka lero sindinapeze mpata womupepesa.

Tamverani mmene Satana amagwirira ntchito apa. Munthu akabwera kwa iwe nkhope ili gwa n'kunena kuti, "Mkazi wosauka akagwiriridwa palibe vuto," ukhoza kumukalipira. Koma mawu omwewo akawakulunga m'nthabwala, mlonda wa pamtima pako amagona. Sufunsanso kuti kodi n'zoona, kodi n'chilungamo. Umangoseka. Ndipo pamene gulu lonse laseka, aliyense waphunzirapo kanthu. Wochita nkhanza waphunzira kuti pano palibe amene adzamuletse. Wovutikayo waphunzira kuti pano alibe mboni. Ngakhale ophunzira a ku America, monga Thomas Ford, atafufuza anapeza kuti amuna amene ali kale ndi mtima wonyoza akazi, akamva nthabwala zonyoza akazi amayamba kulekerera khalidwe lozunza akazi mosavuta. Nthabwala imatsegulira chitseko choipa chimene chinali kale m'nyumba.

Musaganize kuti ndi nkhani ya mayi mmodzi. Mu 2019 amayi ogwira ntchito m'maesiteti a tiyi a ku Mulanje ndi Thyolo anakasuma ku khoti la ku London, kudandaula za kugwiriridwa ndi kuzunzidwa pantchito. Mu 2021 kampani ya Camellia, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, inagwirizana ndi amayi 36 kuthetsa mlandu kunja kwa khoti. Sinavomere kulakwa, koma inalipira. Ine funso langa lili kwa ife a mpingo. N'chifukwa chiyani kulira kwa mwana wamkazi wa kuno kukamveke kutsidya kwa nyanja? Ife oyandikana naye tinali kuti? Ena mwa ife tinali pamzere wa sikelo, tikuseka.

Ndikulankhula pa wailesi, ndiye ndikumbutseni za wailesi ina. Ku Rwanda kunali wailesi ya RTLM, imene inayamba kuulutsa mawu mu 1993. Achinyamata ankaikonda chifukwa cha nyimbo zabwino ndi oulutsa oseketsa. M'kuseketsa momwemo ankatchula Atutsi kuti mphemvu. Pofika mu April 1994, anthu anatenga zikwanje kupha anansi awo, ndipo m'masiku pafupifupi 100 anthu mazanamazana a zikwi anatha. Kuno kwathu nako, si ife amene timaona m'bale wachialubino akudutsa pamsika n'kumanong'onezana kuti "ndalama zikuyenda"? Timati n'zocheza, chikhalirecho abale athu amenewa akhala akubedwa ndi kuphedwa m'dziko muno. Ukamutcha munthu ndalama, wathandiza kale amene akufuna kumugulitsa.

Wina anena kuti, "Abusa, ndiye tisamasekenso?" Iyayi, m'bale wanga. Mulungu anapatsa Sara mwana n'kumutcha Isake, dzina lotanthauza kuseka. Ngakhale kumanda, adzukulu pokumba amaponyerana nthabwala, ndipo ntchito yowawa ija imapepukako. Wothyola tiyi akamaseka za chiperoni chimene chamunyowetsa, kapena za malipiro amene atha asanafike kunyumba, akudzilimbitsa mtima. Kuseka kumeneko n'kwa anthu amene asenza mtolo umodzi. Koma pali kuseka kwina, kwa Afilisti pa Oweruza 16, amene anaitanitsa Samsoni atamukolowola maso kuti awasangalatse. Pali kuseka kwa asilikali pa Marko 15, amene anaveka Yesu chisoti chaminga n'kumamugwadira monyoza. Anayamba ndi masewera, anamaliza ndi misomali.

Ndiye muyeso wake ndi uwu. Musanaseke, dzifunseni: kodi mwini nkhaniyu atakhala pano, aseka nafe kapena aweramitsa mutu? Kodi nthabwalayi ikuluma wamphamvu amene akupondereza, kapena ikuluma wogwa kale? Ndipo mawa akadzandipempha umboni, ndidzathabe kumumvera?

Sindikukutumani kukamenyana ndi anthu. Mawa pa sikelo, m'minibasi, kapena pa gulu lanu la WhatsApp, nthabwala yotere ikatuluka, inu musaseke, musaitumizenso. Nkhope imodzi yosaseka imadzutsa anthu khumi. Mukalimba mtima nenani kuti, "Ameneyo ndi mlongo wathu." Ndipo inu mayi, inu mtsikana amene mukuzunzidwa, si inu choseketsa. Kauzeni amayi a mpingo amene mumawakhulupirira, akuperekezeni ku Victim Support Unit ya kupolisi. Akulu a mpingo, akabwera kwa inu, musakayankhe ngati mmene ndinayankhira ine.

Ikani dzanja pakamwa panu, tipemphere. Atate, tikhululukireni pamene tinaseka Inu mukulira. Dzutsani chikumbumtima chimene tinachigoneka ndi nthabwala. Mayi uja, kulikonse kumene ali, mumuchitire chilungamo chimene ine ndinamumana. Yeretsani milomo yathu, m'dzina la Yesu Khristu. Ameni.