Digiri ilipo, nanga ntchito?



Timawauza ana athu aakazi kuti sukulu ndiyo imatsekula khomo. Komatu alipo amayi amene anaphunzira mpaka digiri yapamwamba ya PhD, khomo n'kukhalabe lotseka.

Yunivesite ya Malawi inatsekulidwa m'chaka cha 1965. Panadutsa zaka 51 kuti mayi atsogolere yunivesite ya boma: Pulofesa Address Malata, ku MUST ku Thyolo, mu 2016. Kodi zaka zonsezo amayi anzeru kunalibe?

Mayi wotere akafuna ntchito yophunzitsa ku London kapena ku Johannesburg, zopinga zimachuluka. Chilolezo chogwirira ntchito n'chovuta kupeza. Ntchito zambiri n'za zaka ziwiri kapena zitatu basi. Kumudzi nako amamupanikiza: "Ana usiyira yani? Amuna ako avomera?" Bambo wopita ku Joni safunsidwa zotere.

Lamulo la 2013 limati polemba ntchito m'boma, amayi asachepere 40 mwa anthu 100 aliwonse. Tiwafunse aphungu athu: kodi likutsatidwa? Ndipo ife makolo, mwana wamkazi akaitanidwa kunja, timukonzere kamba wa paulendo. Tisamutsekere khomo tokha.